Kalumo ka Mlendo ndi Geni ya kwa Njewa: Alangizi Ongodzipereka ndi Mabizinesi Ang'onoang'ono

Mawu oyamba

Achewa ali ndi miyambi iwiri yonena za mlendo imene ukaiika pamodzi imakhala ngati ikukokana. Woyamba umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Apa akuluakulu ankatanthauza kuti munthu wochokera kwina akhoza kumasula mfundo imene eni mudzi ailephera. Wachiwiri umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu kwenikweni umatilangiza kuti tizimusunga bwino mlendo poti sakhalitsa, komabe umatikumbutsanso kuti dzuwa likangokwera iye wapita, udzu n'kutsala wouma monga unalili dzulo.

Miyambi iwiriyi itithandiza kuunika ntchito ya akatswiri, makamaka opuma pantchito, amene amachoka m'mayiko olemera n'kubwera kudzalangiza eni mabizinesi ang'onoang'ono popanda kulandira malipiro. Nkhani ino ifotokoza kumene ntchitoyi inachokera ndi m'mene imayendera, kenaka iyesa kuyankha funso ili: kodi mwini chigayo wa kwa Njewa, wowotcherera wa kwa Biwi kapena mayi wopikula mtedza kwa Mgona amapindulapo chiyani?

Njewa ndi dera limene lili kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, m'mbali mwa msewu wopita ku Mchinji. Mzinda ukamakula umadya midzi, ndipo kwa Njewa zimenezi zimaoneka ndi maso. Pamene panali minda pakumangidwa nyumba zamipanda, ndipo mumsewu mwandanda maokala, zigayo, mabutchala, ogulitsa simenti ndi malata, owotcherera mafulemu a zitseko ndi mawindo, komanso akabaza odikira anthu. Mabizinesi ake ndi omwewo amene timawapeza ku Kawale, kwa Chinsapo, ku Area 23 ndi ku Area 25: ambiri ndi a munthu mmodzi, mwina ndi mphwake womuthandiza. Kafukufuku wa FinScope wa m'chaka cha 2019 anapeza kuti m'Malawi munali mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati okwana pafupifupi 1.6 miliyoni, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse anali osalembetsa kuboma. Anthu amene tikunenawa ndi amenewo.

Kumene ganizoli linachokera

Ganizo lotumiza akuluakulu a makampani opuma pantchito kuti akalangize anzawo m'mayiko osauka linayambira ku America. M'chaka cha 1964 David Rockefeller ndi anzake anakhazikitsa bungwe la International Executive Service Corps, patangopita zaka zitatu chikhazikitsire Peace Corps, imene inkatumiza makamaka achinyamata. Mayiko ena anatengera. Ku Canada kunabadwa CESO m'chaka cha 1967, ku Britain kunabadwa BESO m'chaka cha 1972, ku Netherlands mabwana a makampani anayambitsa PUM m'chaka cha 1978, ndipo ku Germany kunabwera Senior Experten Service m'chaka cha 1983. Bungwe la BESO linadzalowa mu VSO m'chaka cha 2005. Ku America komweko, lamulo la zaulimi la 1985 linakhazikitsa ndondomeko ya Farmer-to-Farmer, imene kuno ku Malawi inayendetsedwa kwa zaka zambiri ndi bungwe la CNFA, ndipo inkatumiza alimi ndi akatswiri a zamalonda ku makopaletivi ndi kwa ogulitsa zipangizo zaulimi.

Maganizo a mabungwe onsewa ndi amodzi. Munthu amene wayendetsa fakitale ya mkaka kapena bekale kwa zaka 30 akapuma pantchito, nzeru zake sizipuma naye. Kwawo zikhoza kungokhala, pamene kwina kuli munthu amene akutaya ndalama tsiku ndi tsiku chifukwa chosowa nzeru zomwezo. Ndiye bwanji osawakumanitsa? Ganizoli ndi labwino, ndipo palibe chifukwa chokayikira mtima wa nkhalamba imene imasiya adzukulu ake n'kukwera ndege kupita kumalo kumene sikudziwako aliyense.

Khomo ndi lopapatiza

Tione m'mene ntchitoyi imayendera, potengera PUM imene inatumizapo akatswiri ake kuno kwathu. Bungweli limakhala ndi woliimira m'dziko, amene amafufuza mabizinesi ofuna thandizo ndi kuwathandiza kulemba pempho. Pempholo likavomerezedwa, bungwe limasankha katswiri woyenera ndipo limamulipirira ulendo wapandege. Mwini bizinesi amayenera kumupezera mlendoyo pogona, chakudya ndi mayendedwe a tsiku ndi tsiku. Mlendo amakhala masabata awiri kapena atatu, amalemba malangizo, n'kubwerera kwawo. Kwa nthawi yaitali bungweli linkafunanso kuti bizinesi ikhale yoti yatha zaka ziwiri ikuyenda ndipo ili ndi antchito osachepera khumi.

Malamulo amenewa ali ndi nzeru yake. Mwini bizinesi akalipirako kanthu amaumvera uphunguwo, ndipo bizinesi ya antchito khumi ikakula imalemba enanso ntchito. Koma tiyeni tiwaike malamulowa pamsewu wa kwa Njewa. Ndondomeko ya boma lathu imati bizinesi ya antchito 1 mpaka 4 ndi yaing'ono kwambiri, ya antchito 5 mpaka 20 ndi yaing'ono, ndipo yoposera apo mpaka pafupifupi 100 ndi yapakati. Mabizinesi ambiri a m'malokeshoni ali m'gulu loyambalo. Wowotcherera amene ali ndi anyamata awiri sangakwanitse kugoneka mlendo kumalo ogona alendo kwa mausiku 14; ndalama imeneyo ikhoza kuposa mpamba wake wonse. Sangalembenso pempho m'Chingerezi pa intaneti. Motero mawu oti "mabizinesi ang'onoang'ono" amatanthauza zinthu ziwiri zosiyana. Kwa munthu wa ku The Hague, fakitale ya anthu 40 ya ku Kanengo ndi yaing'ono. Kwa munthu wa kwa Chinsapo, imeneyo ndi kampani, ndipo mwini wake ndi bwana woyenda pagalimoto.

Njira yokha imene alangizi otere amafikira anthu a pansi ndi kudzera m'magulu: makopaletivi, mabungwe a alimi, sukulu zophunzitsa ntchito zamanja. N'chifukwa chake Farmer-to-Farmer inkakonda makopaletivi. Komabe amisiri a m'tauni sali m'makopaletivi monga alili alimi a mpunga kapena a mkaka.

Zimene tinayesapo kale

Si koyamba kuti anthu aganize zolangiza amalonda a ku Malawi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'midzi n'kumachitira malonda awo m'mizinda ikuluikulu yokha. Masitolo ambiri amene anawasiya anagwa m'manja mwa Amalawi amene analibe mpamba wokwanira ndiponso sankadziwa kusunga mabuku, ndipo ambiri anatsekedwa. Pofuna kutseka dzenje limeneli, m'chaka cha 1979 kunakhazikitsidwa bungwe la DEMATT loti lizilangiza amalonda achimalawi. M'chaka cha 1982 kunabwera SEDOM yopereka ngongole ndi uphungu, kenaka MEDI ya ku Mponela yophunzitsa anthu kuyamba bizinesi. Mabungwe atatuwa anadzaphatikizidwa n'kukhala SMEDI. Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti vuto la kusowa kwa luso loyendetsera bizinesi lakhala likudziwika kwa zaka zoposa 40.

Chitsanzo china ndi ndondomeko ya Mudzi Umodzi Chinthu Chimodzi, imene anthu ambiri amaidziwa kuti OVOP. Inayambira m'chigawo cha Oita ku Japan m'chaka cha 1979 pansi pa bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu, ndipo Malawi anaitenga m'chaka cha 2003, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Bungwe la JICA linathandiza ndi akatswiri, ndipo magulu monga a mpunga a ku Bwanje Valley ndi a mafuta ophikira a kwa Kamwendo ku Mchinji anadziwika kudzera m'ndondomekoyi. Chofunika kuchiona apa ndi nthawi. Ongodzipereka a ku Japan, amene anayamba kubwera kuno m'chaka cha 1971, amakhala zaka ziwiri, amaphunzira Chichewa kapena Chitumbuka, ndipo amaona nyengo zonse: ya zokolola pamene ndalama zimayenda, ndi ya Januwale ndi Febuluwale pamene geni imazizira. Mlendo wa masabata awiri akafika mu Juni amaona Malawi wina, akafika mu Febuluwale amaonanso wina, ndipo malangizo ake amatsamira pa Malawi amene anamuonayo.

Zimene akafukufuku anapeza

Mabungwe otumiza alangizi amakonda kufalitsa nkhani za mabizinesi amene anachita bwino. Nkhani zotere sizitiuza zambiri, chifukwa bizinesi imene imapempha mlangizi nthawi zambiri imakhala ili kale ndi mwini wochangamuka, amene mwina akanakula ngakhale popanda mlendoyo. Akatswiri a zachuma anayesa kuthetsa vutoli pochita mayere: mabizinesi ena amalandira uphungu, ena ofanana nawo salandira, kenaka amawayerekeza.

Ku India, Nicholas Bloom ndi anzake anatumiza alangizi a kampani yaikulu kwa miyezi ingapo m'mafakitale owomba nsalu a kufupi ndi Mumbai. Zotsatira zimene anafalitsa m'chaka cha 2013 zinaonetsa kuti ntchito ya mafakitalewo inakwera ndi 17 peresenti m'chaka choyamba. Koma awa anali mafakitale a antchito mazanamazana. Ku Ghana, Dean Karlan, Ryan Knight ndi Christopher Udry anayesa zofananazo pa matelala 160 a mu mzinda wa Accra, pogwiritsa ntchito alangizi a kampani ya Ernst & Young. Matelalawo anayambadi kulemba m'mabuku monga anauzidwira, koma phindu silinakwere, ndipo patapita nthawi anabwerera kumachitidwe awo akale. Telala wa ku Accra sasiyana kwenikweni ndi telala wa pakhonde la sitolo ku Kawale.

Kafukufuku amene akutikhudza kwambiri ndi wa ku Dandora, lokeshoni ya mu mzinda wa Nairobi, amene Wyatt Brooks, Kevin Donovan ndi Terence Johnson anafalitsa m'chaka cha 2018. Amayi ongoyamba kumene geni anawagawa patatu. Ena anawalowetsa m'kalasi kukaphunzira za bizinesi, ena anawapatsa mlangizi amene anali mayi mnzawo wa m'dera lomwelo wochita bwino pa geni yofananayo, ndipo ena anangowasiya. A m'kalasi aja phindu lawo silinasinthe. Amene anali ndi mlangizi mnzawo phindu lawo linakwera ndi pafupifupi 20 peresenti. Nanga mlangiziyo ankawauza chiyani? Makamaka nkhani ya kooda: katunduyu amatchipa kwakuti, kwa uje musapiteko. Koma ubwenziwo utatha, phindu lija linayambanso kutsika.

Kuno kwathu, Francisco Campos, Markus Goldstein ndi David McKenzie a ku World Bank anatsatira mabizinesi pafupifupi 3,000 a ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuyambira m'chaka cha 2012. Atawathandiza kulembetsa kwaulere, mabizinesi atatu mwa anayi alionse analembetsa. Satifiketi payokha sinawonjezere phindu. Koma amene anathandizidwanso kukumana ndi a banki ndi kutsegula akaunti ya bizinesi, malonda awo anakwera ndi pafupifupi 20 peresenti ndipo phindu ndi pafupifupi 15 peresenti. Apa thandizo silinali phunziro lalitali ayi. Linali la munthu wogwira mnzake padzanja n'kumulowetsa pakhomo limene ankaliopa.

Tikaziika pamodzi, zotsatirazi zikuonetsa kuti bizinesi ikachepa, uphungu wa m'mabuku umachepanso mphamvu, pamene uthenga wa pompano, wonena za msika womwewo, umakula mphamvu. Zikuonetsanso kuti uphungu umafuna kubwerezedwa. Pa mfundo ziwiri zonsezi mlendo wa masabata awiri amayamba ali kale m'mbuyo.

Nkhani ya chiyankhulo

Kwa ife ophunzira ziyankhulo, gawo ili ndi limene likuyenera kutigwira mtima. Mlangizi amayankhula Chingerezi, nthawi zina Chingerezi cha Mdatchi kapena Mjeremani. Mwini geni amaganiza m'Chichewa. Pakati pawo pamaima womasulira, amene kawirikawiri ndi mwana wa sukulu kapena wantchito wa bungwe, wosaphunzira ntchito yomasulira ndiponso wosachitapo geni.

Ena amaganiza kuti Chichewa chilibe mawu a zamalonda. Si zoona. Tili ndi mpamba, phindu, chiwongoladzanja, katapila, chipereganyu, kupikula, kuoda, kunenerera, banyira, kukongoza. Mawu oti "kudya mpamba" amafotokoza m'mawu awiri vuto limene buku la Chingerezi lingalifotokoze m'ndime yathunthu. Vuto lili poti mawu athu ndi a Chingerezi sagwera pamalo amodzi. Taonani liwu loti geni. Linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza kupindula, koma kwa ife geni ndi malondawo, kaya akupindula kaya akulowa pansi. Liwu loti phindu nalonso ndi lotakasuka. Mayi wogulitsa tomato akati wapeza phindu la K5,000 amatanthauza ndalama yotsala atachotsa imene anaodera. Sachotsa ya minibasi, ya chiphaso cha msika, ya tomato amene anaphwanyika, kapena ya tsiku lake lonse limene wakhala padzuwa. Mlangizi akafunsa za "profit", womasulira n'kunena kuti phindu, onse awiri amagwedeza mitu kuvomereza, chonsecho akunena zinthu ziwiri zosiyana.

Nanga liwu loti "depreciation" tilimasulira bwanji kwa mwini chigayo? Tikati "kutsika kwa mtengo wa makina" iye aseka, chifukwa m'dziko limene kwacha imagwa, chigayo chimene anagula zaka zisanu zapitazo lero angachigulitse ndalama zambiri kuposa zimene anagulira. Womasulira wodziwa ntchito yake angasiye liwulo n'kutenga ganizo lake: chigayo nachonso ndi wantchito, ndipo tsiku lililonse chiyenera kulandira malipiro ake, amene amasungidwa padera kudikira tsiku limene sefa idzang'ambike, lamba adzaduke kapena mota idzapse. Zimenezi mwini chigayo azimva msanga, chifukwa waonapo anzake akutseka chigayo miyezi itatu posowa ndalama yokonzetsera mota.

Kafukufuku wa ku Dominican Republic, amene Alejandro Drexler, Greg Fischer ndi Antoinette Schoar anafalitsa m'chaka cha 2014, akugwirizana ndi mfundo imeneyi. Amalonda amene anaphunzitsidwa malamulo apafupi, monga kusunga ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo m'malo awiri osiyana ndi kudzilipira malipiro okhazikika, anasintha machitidwe awo kuposa amene anaphunzitsidwa maakaunti a m'kalasi. Kusiyanako kunali kwakukulu kwa amene maphunziro awo anali ochepa.

Palinso nkhani ya ulemu. Mmalawi satsutsa mlendo pamaso, makamaka mlendo waimvi amene wabwera kudzathandiza. Mawu oti "tamva, bwana", "tiyesetsa" kapena "tionabe" womasulira amawapereka ngati kuvomera, koma aliyense woleredwa kuno amadziwa kuti "tionabe" kawirikawiri ndi kukana kovala jekete. Mlendo amalemba mu lipoti lake kuti malangizo onse alandiridwa. Womasulira nayenso amafewetsa mawu a mlendo. Anthu a ku Netherlands amadziwika ndi kuyankhula mosapsatira, ndipo mnyamata womasulira sangayerekeze kuuza bambo wamkulu kuti malo ake ogwirira ntchito ndi auve. Ati, "akuti mwina pena ndi pena mukhoza kumakonzako." Uthenga wafika, koma mano ake atsala m'njira.

Chitsanzo chomaliza pa gawo lino ndi ngongole. Pafupifupi mlangizi aliyense akaona kabuku ka ngongole ka mwini okala amati asiye kukongoza. Pa masamu akunena zoona. Koma mwini okala wa kwa Njewa amakhala pakati pa anthu omwewo, ndipo tsiku limene pakhomo pake padzagwe zovuta, odzakumba manda ndi odzaphika ndi omwe ali m'kabukumo. Kukongoza ndi inshulansi yake. Langizo limene lingagwire ntchito si loti asiye, koma loti aike malire: ngongole isapitirire ndalama yakuti, ndipo wosabweza yakale asatenge ina. Kuti mlangizi afike pa langizo lotere ayenera kudziwa tanthauzo la maliro pamudzi, ndipo zimenezi sizilembedwa m'pempho limene analandira asananyamuke.

Pamene kalumo kamametadi

Zonsezi sizikutanthauza kuti mlendo alibe ntchito. Pali mavuto ena amene ndi a luso lenileni la manja ndi makina, ndipo pa amenewa masabata awiri akhoza kukwana. Wophika buledi amene buledi wake amachita nkhungu pa tsiku lachiwiri, woweta nkhuku amene anapiye ake amafa sabata yoyamba, wopanga yogati amene zinthu zake zimasasa zisanafike kumsika, onsewa akufuna munthu amene anaonapo vuto lomwelo kambirimbiri ndipo angaloze chala pamene palakwika. Langizo lotere silidalira chikhalidwe, ndipo zotsatira zake zimaoneka mlendo asanakwere ndege.

Mtedza ndi chitsanzo chabwino. Kwa Mgona ndi msika wodziwika wa mtedza, ndipo amayi ambiri m'malokeshoni amagaya nsinjiro ndi chiponde n'kumagulitsa. Mdani wamkulu wa malondawa ndi chuku, chimene chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, woononga chiwindi. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa ndi anthu kupitirira mamaikulogalamu 4 a poizoniyu pa kilogalamu imodzi, ndipo malire otere ndi amodzi mwa zifukwa zimene mtedza wathu umavutikira kulowa m'misika ya kumeneko. Chuku chimakula mtedza ukapanda kuuma bwino, ukasungidwa pachinyontho, kapena anthu akauwaza madzi kuti usavute kuswa. Katswiri wa zakudya akhoza kuphunzitsa gulu la amayi kuumitsa, kusankha ndi kusunga mtedza m'masiku ochepa, ndi kuwakonzekeretsa kuti katundu wawo akayesedwe ku Malawi Bureau of Standards, chifukwa popanda chizindikiro cha bungweli masitolo akuluakulu salandira katundu. Chodabwitsa n'chakuti nzeru zimenezi siziyenera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, kumene bungwe la ICRISAT lachita kafukufuku wa mtedza kwa zaka zambiri, ali pamsewu womwewo wa ku Mchinji, mtunda woti munthu wa kwa Njewa angapite panjinga.

Ndiye pali mavuto amene kalumo ka aliyense sikangamete. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo owotcherera ndi eni zigayo ankakhala maola ambiri manja ali m'thumba. M'chaka cha 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, kutanthauza kuti ngongole ya kubanki inali yoposera pamenepo. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700.

Komabe ngakhale pamenepa pali phunziro limodzi limene mlangizi wabwino angapereke. Tiyerekeze wogulitsa zipangizo za galimoto kwa Biwi amene anaoda katundu wa K100,000 kwacha isanagwe, n'kumugulitsa K130,000 itagwa. M'kabuku mwake alemba phindu la K30,000 ndipo mwina alidya. Koma akapita kukaodanso apeza kuti katundu yemweyo wafika pa K144,000. Ngakhale akanapanda kudya kalikonse, ndalama yake sikanakwana kudzaza shelefu monga inalili. Mtengo wogulitsira uyenera kuwerengedwa kuchokera pa mtengo wokaodera mawa, osati wa dzulo. Amalonda akale a mumsewu wa Malangalanga amazidziwa bwino zimenezi, pamene katswiri amene wakhala moyo wake wonse m'dziko limene mitengo imakwera ndi 2 peresenti pachaka akhoza osaziganizira n'komwe.

Nanga akuluakulu athu?

M'chaka cha 2025 boma la America linatseka bungwe la USAID, limene linkalipirira ndondomeko ya Farmer-to-Farmer. M'chaka chomwecho maboma a Britain ndi Netherlands analengeza kuti achepetsa ndalama zothandizira mayiko osauka. Amene ankadalira kuti alendo azibwerabe ayenera kuganizanso.

Pali chinthu china cha m'chaka cha 1964 chimene sitinachitengere. Chaka chomwecho chimene America inakhazikitsa bungwe lotumiza akuluakulu opuma kunja, inakhazikitsanso bungwe la SCORE, loti akuluakulu omwewo azilangiza kwaulere mabizinesi ang'onoang'ono a m'dziko mwawo. Ife tinalandira alendo, koma sitinafunse kuti akuluakulu athu opuma ali kuti. Ali nafe m'malokeshoni momwemu. Ku Area 25 ndi ku Area 23 kuli anthu amene anagwira ntchito m'mabanki, m'mafakitale a fodya a ku Kanengo, kunthambi yotolera misonkho, kapena anaphunzitsa ku Lilongwe Technical College ndi ku Namitete. Boma litaganiza zokonzanso ADMARC m'chaka cha 2022, antchito zikwi zingapo anachotsedwa, ena mwa iwo odziwa bwino kuyeza, kusankha ndi kusunga mbewu. Anthu amenewa safuna womasulira, amamva tanthauzo la "tionabe", ndipo akhoza kubweranso mwezi wamawa kudzaona ngati kabuku kakulembedwabe.

Nthawi ya mliri wa Covid-19, maulendo apandege ataima m'chaka cha 2020, ndondomeko ya Farmer-to-Farmer inayamba kugwiritsa ntchito akatswiri a m'dziko momwemo, amene ankapita kukakumana ndi alimi uku akukambirana pa intaneti ndi mnzawo wa ku America. Njira imeneyi inabadwa chifukwa cha mavuto, koma m'maganizo mwanga ndi imene ikuyenerana ndi malo ngati kwa Njewa. Wakunja abweretse luso limene kuno kulibe, wakuno alimasulire, alisefe ndi kulilondola.

Tisanyengedwe kuti njirayi ilibe minga. Bwana wopuma wa kubanki akhoza kukhala mlendo kwa mayi wa mandasi mofanana ndi Mdatchi uja, mwinanso kuposa, chifukwa ena mwa ophunzira athu amanyoza geni ndipo amayankhula Chichewa chodzaza ndi Chingerezi cha mu ofesi. Kafukufuku wa ku Dandora uja anaonetsa kuti mlangizi wothandiza anali wageni mnzawo, osati wa tayi. Koma wageni sauza mnzake kooda. Kumuuza ndi kudzipangira wopikisana naye, ndipo m'malokeshoni mwathu munthu akatukuka msanga anthu amayamba kunong'onezana kuti anakhwima, zimene zimachititsa ochita bwino kubisa njira zawo. Mwina yankho ndi kulumikiza anthu a geni imodzi koma a misika yotalikirana, wa ku Area 23 ndi wa kwa Njewa, amene sangalandane makasitomala.

Chovuta china ndi ndalama. Wopuma wa ku Netherlands ali ndi penshoni yomukwanira, n'chifukwa chake angagwire ntchito yaulere. Wopuma wa kuno penshoni yake inadyedwa ndi kugwa kwa kwacha, ndipo mwina akusunga adzukulu amasiye. Kuchoka ku Area 23 kupita kwa Njewa ndi maminibasi awiri kupita, awirinso kubwerera. Ngati palibe womubwezera ndalama imeneyo ndi ya chakudya chamasana, adzapita kamodzi kapena kawiri, kenaka adzayamba kupepesa. Gulu la banki m'khonde la amayi 20 likhoza kusonkha ndalama yotere pa tsiku logula masheya popanda wina kumva kuwawa. Owotcherera, akalipentala ndi eni zigayo, amene aliyense amayenda payekha, alibe thumba lotero, ndipo ndi kwa iwowa kumene TEVETA, makhonsolo kapena mipingo ya m'deralo ingayambire, polemba mayina a opuma ofuna kuthandiza ndi kuwalipirira mayendedwe a ulendo umodzi pamwezi kwa chaka chathunthu.